Kutsika Thabwa ndi Piaget m'chikwama

Lolemba, Nchalo

Tinanyamuka ku Blantyre m'mamawa, ine ndi mnzanga wa m'kalasi amene kwawo ndi kuchigwa kuno. Alekichala athu a Psychology anatipatsa ntchito ya patchuthi: aliyense akaone ana a misinkhu yosiyanasiyana, alembe zimene akuchita, kenako aziyerekeze ndi zimene akatswiri a kakulidwe ka ana analemba. Ambiri apita kwawo. Ine kwathu ndi ku Dedza, ndipo ana akumeneko ndinawazolowera moti diso silikodwanso ndi kanthu, choncho mnzangayu atati "aise, tiye kwathu" sindinamulole kubwereza.

Msewu wa M1 ukafika pa Thabwa umayamba kukhotakhota motsetsereka, makutu n'kutseka, chigwa chonse n'kuyalika pansipo. Okutobala uno dziko lauma gwa, kupatula minda ya nzimbe ya Illovo, imene akuluakulu amaitchulabe kuti SUCOMA, ndi timadimba ta m'mbali mwa Shire. Powoloka mlatho wa Kamuzu juzi inali itavulidwa kalekale. Pa Dyeratu nditatsika kukagula madzi, mpweya unali ngati wa pakamwa pa uvuni wa njerwa.

Phunziro loyamba ndalipezera m'minibasi momwemo. Mayi wina anali ndi khanda la miyezi pafupifupi khumi lomwe linkalimbana ndi chitsekero cha botolo. Mayiyo atatopa nalo anabisa chitsekerocho m'chitenje, koma mwana anafukula mpaka kuchipeza. Jean Piaget, wa ku Switzerland uja amene anabadwa mu 1896 n'kumwalira mu 1980, anaona zomwezi pa ana ake atatu: khanda la miyezi yochepa likabisiridwa chinthu limangochiiwala, koma chaka choyamba chikamapita kumapeto limadziwa kuti chinthu chosaoneka chikadalipo. Iye anagawa kakulidwe ka nzeru m'magawo anayi. Mpaka zaka 2 mwana amaphunzira ndi manja, maso ndi pakamwa. Kuyambira 2 mpaka 7 amalankhula ndi kuyerekeza koma maso amamunamizabe. Kuyambira 7 mpaka 11 amaganiza molongosoka pa zinthu zogwirika, ndipo kupyola apo amatha kusinkhasinkha ngakhale zimene sanazionepo. Lero Piaget wapambana, m'minibasi ya ku Nsanje.

Tagona kwa azakhali ake a mnzangayu, mphunzitsi wopuma pantchito. Tayala mphasa pakhonde m'neti, chifukwa m'nyumba simugoneka.

Lachiwiri, Nchalo

Lero ndi limene ndalemba masamba ambiri.

Ndinasonkhanitsa ana a m'nyumba zoyandikana, makolo awo atavomera, kuti ndiyese mayeso otchuka a Piaget aja. Umathira madzi ofanana m'matambula awiri ofanana, n'kumufunsa mwana ngati madziwo ndi ofanana. Akavomera umakhuthulira tambula imodzi m'botolo lalitali lopyapyala iye akuona, n'kufunsanso. Buku limati mwana wosafika zaka 7 amanena kuti a m'botolo achuluka chifukwa akwera m'mwamba, pomwe wamkulupo amadziwa kuti palibe chawonjezeka kapena kuchotsedwa.

Kamnyamata ka zaka 5 kanaloza botolo mosakayika. Wa zaka 6 chimodzimodzi. Kenako kunabwera mtsikana wa zaka 8, wa Sitandade 2. Funso loyamba anayankha bwino. Nditakhuthula n'kufunsanso, sanayang'ane madzi ayi, anayang'ana nkhope yanga, kenako pansi, n'kunena motsitsa mawu kuti a m'botolo ndi ambiri. Malinga ndi fomu ya alekichala, mwanayu watsalira m'mbuyo ndi chaka chathunthu.

Azakhali, omwe ankasenda mbatata chapafupi, anaseka.

"Mwanangu, ana a kuno munthu wamkulu akawafunsa funso lomwelo kawiri, amadziwa kuti yankho loyamba lalakwika. Iwenso ndiwe mlendo, wavala nsapato, wanyamula kope. Akutsutse iyeyo?"

"Ndiye ndifunse bwanji, azakhali?"

"Usafunse. Mtume."

Zimene ananena azakhalizi zili m'manotsi athu, kungoti tinaziwerenga mothamanga pokonzekera mayeso. Mu 1974 ofufuza awiri a ku America, Rose ndi Blank, anaona kuti mwana akafunsidwa kamodzi kokha, zinthu zitasunthidwa kale, ana ambiri a zaka 6 amayankha molondola kusiyana ndi akafunsidwa kawiri. M'zaka za m'ma 1960 Patricia Greenfield anayesa za madzi zomwezi pakati pa ana a Chiwolof ku Senegal. Ena mwa ana osapita kusukulu ankati madzi asintha chifukwa mlendoyo ndiye wathira, koma atapatsidwa kuti athire okha, ambiri anayankha bwino.

Madzulo tinamupeza mtsikana uja pamsewu akugulitsira amayi ake tomato ndi mafuta ophikira, aja othira m'timapepala ta pulasitiki. Mayi wina anadandaula kuti kapepala kake n'kochepa, akufuna kanzake kooneka kotalika. Mwanayo sanayang'ane pansi. Anati, "Amayi, muyezo wake ndi womwewo, kapepalako n'kopyapyala chabe," n'kuwaonetsa kachitsekero kamene amayezera. Chenji cha K1,000 anawerengera pamtima. Ndi funso lomwe lija la m'mawa, koma pano ndi katundu wake, muyezo wathira yekha, ndipo akalakwitsa amayi ake akamufunsa.

Sindikuti Piaget ananama. Kamnyamata ka zaka 5 kaja ndinakapatsa kuti kathire kokha, kanathira, n'kulimbikirabe kuti a m'botolo achuluka. Dongosolo la kukula lija lilipo ndithu. Chimene fomu yathu ilibe ndi mpata wolemba kuti wafunsa ndani, ndi chinthu chanji, pamalo pati. Popanda zimenezo, mwana wamanyazi ndi mwana amene sanafike msinkhu amagwera m'bokosi limodzi.

Lachitatu, Ngabu

Ngabu ndi ng'ombe, mbuzi, thonje ndi mapira. Nyama yootcha pamsika ndi yotsika mtengo kuposa ku Zomba, ndipo sindinadzimane.

Tinapita kwa agogo ake aamuna a mnzanga, chakumadzulo kwa msika. Mdzukulu wawo wina wa zaka 11 akubwereza Sitandade 3. Kuwerenga kumamuvuta, amadziwa zilembo koma kuzilumikiza n'kumene kumakanika. Madzulo tinamutsatira kudambo. Ng'ombe za khola lawo ndi za makola ena awiri zimadyera pamodzi, koma iye amadziwa iliyonse, mayi wake, mwini wake, imene imakonda kuthawira m'munda mwa anthu, ndi imene yayamba kudwala isanagone n'komwe. Amaumba ng'ombe zadongo zokhala ndi linunda ndi nyanga zake. Galimoto yake yamawaya ili ndi chiwongolero chokhotetsadi matayala akutsogolo. Ndinamupatsa pensulo kuti ajambule galimoto yomweyo, zinatuluka zosadziwika mutu wake.

Robert Serpell, amene wagwira ntchito zaka zambiri ku University of Zambia, anafalitsa kafukufuku wa zoterezi mu 1979. Anapatsa ana a ku Zambia ndi a ku England ntchito yokopera maonekedwe a zinthu. Pogwiritsa ntchito waya, a ku Zambia anapambana. Pa pepala ndi pensulo, a ku England anapambana. Poumba, anafanana. Aliyense anaoneka wanzeru pa chinthu chimene manja ake anachizolowera. Serpell yemweyo anafufuzanso pakati pa Achewa a ku Katete, kum'mawa kwa Zambia, kumene ankafunsa akuluakulu a m'mudzi kuti pakagwa ntchito yakutiyakuti angatume mwana uti. Ana amene akuluakulu ankawasankha sanali kwenikweni aja okhoza bwino mayeso a akatswiri. Akuluakuluwo ankayang'ana kuchenjera pamodzi ndi kudalirika.

Ndinawafunsa agogo funso lomwelo, kuti mwa adzukulu awo angatume uti kuchipatala usiku. Anatchula wobwereza kalasi uja osaganizira kawiri. Za mng'ono wake, amene amakhala nambala wani, anati, "Ameneyo mutu uli bwino, koma ukamutuma mchere amabwera ndi nkhani."

Pobwerera ndinayamba kuyamikira kwambiri nzeru za kudambozi, mnzanga n'kundidula. Anati anthu a kumtunda timakonda kubwera kuchigwa, kuona mwana woweta ng'ombe, n'kuyamba ndakatulo. Mayeso a Sitandade 8 safunsa mayina a ng'ombe, ndipo chilala kapena madzi osefukira zikatenga kholalo mwanayu adzatsala ndi chiyani? Akunena zoona. Mwanayu ayenera kuwerenga. Nkhani yanga ndi yakuti mwana wotha kusunga m'mutu mibadwo ya makola atatu si wolephera kuphunzira, ndipo amene wamulembera kale kuti ndi mbuli wasiya kufunafuna pomwe pakutsekeka.

Lachinayi, Bangula

Tinapempha ahedi a sukulu ina ya pulayimale kuti tikhale kumbuyo kwa kalasi ya Sitandade 1. Ana anali oposa 100, pansi, mphunzitsi mmodzi, mayi wachikulire wa mawu osasa. Chiyambire maphunziro aulere mu 1994, pamene ana a m'pulayimale anachoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi, makalasi a m'munsi sanapumepo.

Phala lisanafike kalasi inali yofooka, ena akusinza. Atamwa, phokoso linabwerera. Aliyense wa m'kalasi mwathu akanalemba apa dzina la Abraham Maslow, amene mu 1943 anasanja zosowa za munthu kuyambira chakudya, madzi ndi tulo, kenako chitetezo, chikondi, ulemu, mpaka kukwaniritsa luso lako. N'zoona, wanjala samva. Kafukufuku wa boma wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 mwa 100 aliwonse osafika zaka 5 m'Malawi ndi opinimbira, ndipo kupinimbira kumakhudzanso ubongo. Komabe makwerero a Maslow amandivuta pena. Akanakhala olondola ndendende, kuno kukanakhala kopanda wophunzira ndi mmodzi yemwe, poti chaka cha njala anthu amakumba nyika m'madambo, ana n'kumabwerabe ndi makope awo. Mnzanga amene ndikuyenda nayeyu anakhoza kupita kusekondale m'chaka choterocho.

Chimene chinandigwira mtima kwambiri ndi chilankhulo. Ana ambiri a m'kalasiyi kunyumba amalankhula Chisena. Buku lili m'Chichewa, phunziro lina lili m'Chingerezi. Mwana wa zaka 6 akuphunzira kugwira pensulo, kulumikiza liwu ndi chilembo, ndi kumva chilankhulo chachiwiri ndi chachitatu, zonsezo m'mawa umodzi. Chisena ndi Chichewa n'zapachibale, n'chifukwa chake akuluakulu amati palibe vuto, koma mwana amene akungoyamba kuwerenga amadalira mawu amene ali kale m'khutu mwake. Mphunzitsi anafunsa funso m'Chichewa, manja anakwera ochepa. Analibwereza m'Chisena, theka la kalasi linaimika manja, ena mpaka kudzuka. Funso silinasinthe, ana sanasinthe.

Pa nthawi yopuma ndinawafunsa ngati zimenezi n'zololedwa.

"Achemwali, alangizi akabwera ndimatsata buku. Akapita ndimaphunzitsa ana."

Kumbuyo kwenikweni kunakhala anyamata awiri a zaka ngati 10, mawondo atafika m'chibwano, pakati pa tiana ta zaka 6. Erik Erikson anati kuyambira zaka 6 mpaka 12 mwana amakhala akudzifunsa ngati pali chimene amatha, ndipo akamangolephera pamaso pa anzake amakhazikika m'maganizo oti ndi wachabechabe. Anyamatawa sanaimike mkono ngakhale kamodzi, ngakhale pa Chisena paja. Aphunzitsi anati oterewa sachedwa kusiya, nthawi yopha nsomba kapena yolima m'dimba ikafika amangozimiririka. Iwo amawapatsa ntchito yogawa makope ndi kuyang'anira mzere wa phala kuti akhale ndi chowabweretsa mawa. Aphunzitsiwo sanamutchule Erikson, mwina anamuiwala kalekale, koma akuchita zake zomwezo.

Lachisanu, tsidya la kum'mawa

Kuchokera ku Bangula kupita ku Chiromo ndi Makhanga kunali njanji ndi msewu, koma madzi anadula mu 1997, ndiye timawoloka pa bwato. Njinga, matumba a chimanga, mbuzi yomangidwa miyendo, tonse m'menemo. Chakumpoto kuli dambo lalikulu la Elephant Marsh, limene David Livingstone anadutsamo mu 1859 n'kupezamo njovu zambirimbiri. Njovu zinatha, ng'ona ndi mvuu zilipo, ndipo ndinauzidwa kuti dzanja lisalendewere m'madzi.

Wopalasa anali bambo wa msinkhu wapakati ndi mphwake wa zaka ngati 12. Pamadzi odekha anamusiyira mwanayo nkhafi, iye n'kukhala phee. Tikuyandikira pamkokomo anangoti "kumanzere, usalimbane nawo, alole akutenge pang'ono," osagwira nkhafi. Pamene madzi anakula mphamvu zenizeni anaika dzanja lake pamwamba pa la mwanayo, n'kupalasa limodzi kangapo, kenako n'kuchotsanso. Pofika kugombe analanda nkhafi yonse chifukwa pamenepo mwanayo sanafikepo.

Lev Vygotsky wa ku Russia, amene anabadwa chaka chimodzi ndi Piaget koma anamwalira ndi chifuwa chachikulu mu 1934 ali ndi zaka 37 zokha, analemba za mpata umene uli pakati pa zimene mwana angachite yekha ndi zimene angachite wina akamuthandiza. Anati kuphunzitsa kwenikweni kumachitikira mumpata umenewo. Mu 1976 Wood, Bruner ndi Ross anawonjezera kuti thandizolo liyenera kumachotsedwa pang'onopang'ono mwana akamalimba. Ndakhala ndikuloweza zimenezi chaka chonse, koma lero ndaziona zikuchitika m'mphindi zochepa, ndi munthu amene amayeza yekha pomwe dzanja lake likufunika. Funso limene ndatsala nalo ndi la mayi a dzulo aja: malume ali ndi mphwake mmodzi m'bwato, iwo ali ndi ana 100. Vygotsky amati wothandiza akhoza kukhalanso mwana mnzake wodziwa bwinopo, ndiye mwina anyamata aakulu a kumbuyo aja ndi amene angagwire dzanja la tiana tija, wina atayamba wawathandiza iwowo kuwerenga.

Kutsidyaku nkhani iliyonse imathera pa madzi. Anasefukira mu Januwale 2015, mu Malichi 2019 nthawi ya namondwe Idai, mu Januwale 2022 ndi namondwe Ana, ndi mu Malichi 2023 ndi namondwe Freddy, amene anapha anthu oposa 1,000 m'dziko muno. Mwana wobadwa mu 2014 waona zonsezi asanakwanitse zaka 10. Madzi akabwera, sukulu zimene zatsala zimasanduka misasa, makalasi n'kukhala zipinda zogona, maphunziro n'kuima. Urie Bronfenbrenner, mu 1979, anati mwana amakulira m'mabwalo ozungulirana: banja ndi sukulu, kenako ntchito za makolo ndi za m'dera, kenako malamulo ndi chikhalidwe cha dziko. Pa chithunzi chimene tinajambula m'kalasi palibe mtsinje. Kuno Shire ndi Ruo ndi amene amalamula kuti teremu itha liti, bambo apita kukasaka ganyu kuti, ndiponso mtsikana wa Sitandade 7 abwerera kusukulu kapena akwatiwa, ngakhale malamulo a dziko anakweza msinkhu wa ukwati kufika pa zaka 18.

Mayi wina amene tinacheza naye pamjigo anati mwana wake wa zaka 7 mitambo ikangoda amalongedza zovala m'thumba, usiku n'kumakana kugona pansi. Anayambanso kukodza pogona. Sanandifunse malangizo, ndipo sindinapereke.

Ndaonanso atsikana a zaka 7 kapena 8 atabereka makanda kumsana amayi ali kudimba. Khanda likalira limatambasulira manja kwa mkulu wakeyo monga lichitira kwa mayi. Ambiri amaiwala kuti Mary Ainsworth, mnzake wa John Bowlby pa nkhani ya ubale wa khanda ndi womulera, anayambira kafukufuku wake ku Uganda m'ma 1954 ndi 1955, m'midzi ya kufupi ndi Kampala, ndipo kumeneko anaona makanda okhala ndi owakonda angapo. Za kamlezi kameneka, kamene kajomba kusukulu kuti kalere, mabuku athu sanenapo zambiri.

Loweruka, Nsanje

Nsanje, yomwe kale inkatchedwa Port Herald, ndi yotentha kuposa konse tadutsa. Tinakaona doko lija linatsegulidwa mu 2010. Simenti ilipo, sitima palibe, ana akuwedza pamenepo. Ku Khulubvi, kwa Mbona, sikopita mwachisawawa popanda chilolezo cha eni ake, ndiye tinangolozeredwa nkhalango yake.

Kuseri kwa nyumba ya amayi ake a mnzanga ana ankachita masanje, koma osati ophika aja. Mmodzi anakhala pa ndowa ndi kope lakutha, akulemba mayina. Ena anaima pamzere ndi timatumba. Wina anali mfumu, akuloza amene ali a m'mudzi mwake ndi amene sali. Kamtsikana kena kanauzidwa kuti dzina lake silikupezeka, kanayamba kulalata manja ali m'chiuno, mawu ake enieni a munthu wamkulu, anzake n'kugwa nacho chiseko. Chimanga chinali mchenga, ndipo wolemba mayina anadzipatulira thumba lake pambali.

Albert Bandura anaonetsa mu 1961 kuti ana akaona wamkulu akumenya chidole, nawonso amachimenya m'njira yomweyo popanda wowauza. Ana awa palibe anawaphunzitsa kagawidwe ka thandizo, kapena kuti wogawa amadzisungirako. Anaima pamizere yeniyeni atagwira chitenje cha amayi awo, maso ali pantchito. M'sewero lomwelo munali kuwerenga mitu, kugawa mofanana, kusunga malamulo ndi kudziika m'malo mwa munthu wina, zomwe Piaget amati zimavuta mwana wosafika zaka 7. Wolalata uja ali ndi zaka 6.

Usiku uno tayamba kulemba lipoti, nsomba za makakana zili pamoto. Fomu ili ndi mzere umodzi pa mwana aliyense: zaka, gawo la Piaget, umboni. Ine mwana aliyense ndamupatsa mizere iwiri, wina wa zimene anachita nditamufunsa, wina wa zimene anachita ali pa ntchito yake kapena pa masewera. Kwa kamnyamata ka zaka 5 ka ku Nchalo mizere iwiriyi ikugwirizana. Kwa wogulitsa mafuta ndi woweta ng'ombe ikutsutsana, ndipo ndasiya choncho osasankhapo. Mnzanga akuti alekichala adula malikisi chifukwa chosokoneza fomu, iye walemba mzere umodziumodzi monga tinauzidwira. Tapangana kuti wopeza malikisi ochepa adzagulira mnzake chipisi cha pa chiwaya teremu ikatsegulidwa. Minibasi ya ku Blantyre akuti imayamba kudzaza 4 koloko m'mawa, ndipo amayi atimangira kale thumba la mapira loti tikasiye kwa azakhali ku Nchalo.